Sabata Imene Ndinachotsa Amuna Anga Pagulu

Ndimayang'anira gulu la pa intaneti la anthu okonda kulima tomato. Lamulo lathu ndi limodzi: kuseleulana kulipo, koma kutukwanizana ayi.

Amuna anga, a Clive, ankaseleulana tsiku lililonse ndi Dwight, mnzawo wa ku America. Lachiwiri lina Dwight analemba kuti, "Inu a ku England dzuwa mumangolionera pa TV, tomato angapse bwanji?" A Clive anayankha kuti, "Wanuyo ndi wamkulu ngati pakamwa panu, koma m'kati ndi madzi okhaokha, ngati mutu wanuwo." Dwight anabweza mawu oti sindingawatchule pano.

Ndinawachotsa pagulu onse awiri kwa sabata imodzi.

A Clive anandipeza kukhitchini, foni ili m'manja. "Maureen, ndi ine ndemwe? Zaka makumi atatu tili m'banja!"

"Nanga ndikachotsa Dwight yekha, anthu anena chiyani?" ndinawafunsa.

Anandinyanyalira tsiku lonse. Mawa lake ndinawamva akuseka kuseri kwa nyumba. Anali pafoni ndi Dwight, koyamba kumverana mawu, akugwirizana zoti ndine wankhanza. Anacheza ola lathunthu. Pa Isitala ikubwerayi, Dwight ndi mkazi wake adzafikira kwathu kuno ku Leeds.