Mayilavu wa Marlene

Ine Nazário wa ku Chipera sindinapite ku Maputo chifukwa cha mpira. Mpira unali nyambo. Mwana wanga Elídio, yemwe amakonza mafiriji kumeneko, anaimba telefoni kuti timu yadziko, a Mambas, ikusewera ndi alendo pa bwalo lalikulu la ku Zimpeto, bilyeti yolowera wagula kale, ndibwere ndidzasangalale. Chimene ankafuna ndi ng'ombe zanga. Anapeza mkazi wa kum'mwera dzina lake Marlene, ndipo kwawoko mkazi satengedwa popanda lobolo. Kwathu mkamwini amalima munda wa apongozi, nkhani yatha. Koma Elídio anati akuchikazi sangamve zimenezo, ndigulitse ng'ombe.

Ndinamuyankha kuti m'khola simutuluka kanthu ndisanamuone mkaziyo ndi maso anga.

Ndinakwera mota, njinga yamoto ija, mpaka ku Fíngoè, lole mpaka ku Tete, kenako basi yaitali imene inandiphwanya msana. Ndinafika mzinda utapenga kale ndi mpirawo. Pamphambano iliyonse anyamata akugulitsa mbendera, zipewa ndi malipenga apulasitiki. Ena anadzipaka utoto kumaso, moti wakuba ndi wabwino osawasiyanitsa. Dzanja langa silinachoke pathumba.

Elídio anandiyendetsa. Anandionetsa nyumba zosanja, mlatho wautali wolendewera pa zingwe, ndi nyanja yamchere imene ndinailawa ndi chala kuti nditsimikize. Pa baraka ina, kanyumba kogulitsira zakudya m'mphepete mwa madzi, anandigulira tizilombo tofiira tonga dzombe, ati ndi ndiwo za anthu olemera. Zinakoma ndithu, koma ndinadziwa kuti akufewetsa chikumba. Munthu sakudyetsa zotere pachabe, ngakhale mwana wako.

Marlene anandilandira atagwada. Madzi osamba anali ofunda, malaya anga anachapidwa ndisanapemphe. Ankanditchula kuti Papá, ndipo anali ndi timawu tingapo ta Chinyanja: mwadzuka bwanji, zikomo, idyani. Zina zonse ankayankhula Chipwitikizi. Ndinayang'ana pogwira, osapapeza, ndipo zimenezo zinandidetsa nkhawa. Chipatso chosalala kwambiri mphutsi imakhala m'kati.

Mphutsiyo ndinaipeza Lachisanu madzulo. Marlene amagwira ntchito pa padariya, kophika buledi, pakati pa mzinda, pamene iwo amakhala kutali kumchenga. Tsikulo anachedwa. Elídio anali asanabwere, ine ndili khale kuseri kwa nyumba, pamene ndinamva Marlene akuyankhula ndi Deolinda, mkazi woyandikana nawo, pa mpopi. Sukulu ndinalekera panjira, koma Chipwitikizi ndimatola.

"Wachedwatu lero," anatero Deolinda.

"Ndi mayilavu, mnzanga. Ndamudikira mpaka miyendo kuuma. Atafika, kundifinya njira yonse. Nthiti zonsezi zikuwawa."

"Wanga dzulo anandidulira nsapato."

Anaseka onse awiri, madzi akusefukira mu ndowa.

Mawu amenewo ndimawadziwa. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Zambia, ine ndi mkazi wanga Otília, Elídio ali kumsana. Ku kampu kunali mwamuna wina wogawa chimanga, wa Chingerezi chambiri, amene ankati akaona Otília pamzere amati "mayi lavu". Ine ndinkayesa ulemu. Ndinkati akunena mayi uje, wangosokoneza dzina, ndipo ndinkamuthokoza chifukwa chitini chathu chinkadzaza kuposa cha anzathu. Mnzanga wina ndiye anandimasulira kuti mawuwo akutanthauza wokondedwa wanga. Anandimasulira mochedwa. Nkhondo itatha ndinabwerera ku Chipera ndi mwana yekha. Kuchokera pamenepo Chingerezi china chonse ndinaiwala, koma mawu awiriwo ayi.

Sindinauze Elídio tsiku lomwelo. Mlenje salasa tchire likangogwedera. Ndinafuna ndimuone mwamunayo.

Loweruka, tsiku la mpira, Elídio anaitanidwa m'mawa kukakonza firiji ya baraka ina pafupi ndi bwalo. Anati tikamupeza pachipata, Marlene andibweretse. Tinapita pa paraje, poimira magalimoto. Anthu anali ngati nyerere zasokonezedwa. Chapa iliyonse, timabasi tawo tija, inkadutsa itadzaza, mitu ndi mbendera zili pawindo, osaima n'komwe. Tinaima padzuwa nthawi yaitali. Marlene anayang'ana wotchi, anayang'ana ine, kenako ananena mosaphethira diso:

"Papá, chapa palibe lero. Tidikire mayilavu."

Ndinamuyang'ana. Analibe manyazi ngakhale pang'ono. Ndinaganiza kuti akundiyesa nkhalamba ya kuthengo yosamva kanthu, ndipo ndinati chabwino, andiyese choncho.

"Akubwera?" ndinafunsa.

"Sachedwa. Masiku a mpira amakhala pafupi."

Posakhalitsa inafika lole yaing'ono yopanda denga kumbuyo. Anthu anaithamangira ngati mwagwa nyama. Marlene sanathamange nawo. Anapita pawindo la woyendetsa, anawerama, anamwetulira, anayankhula motsitsa mawu akuloza ine. Woyendetsayo, mwamuna wonenepa wa ndevu zometa bwino, anaseka n'kutsegula chitseko.

"Inu khalani kutsogolo, Papá. Ine ndili kumbuyo."

Ndinakwera. Ndinakhala phewa ndi phewa ndi mdani wa mwana wanga. Ndinadandaula pang'ono za mawondo m'chiyankhulo changa, ndipo iye anatembenuka.

"Madala, mawu amenewo ndi a kwathu. Tete?"

"Marávia."

"Ine Angónia. Ndine Amadeu."

Ndiye mkaziyu amakonda amuna a kwathu, ndinatero mumtima. Nkhani ya Chinyanja chake chija inamveka tsopano.

"Mkazi wandikweza uyu mumamudziwa?" ndinayamba pang'onopang'ono.

"Wovala kapulana yofiirayo? Dzina sindidziwa, koma ndi wanga ameneyo. M'mawa uliwonse."

"Dzina simudziwa."

"Ndingasunge maina onse, madala? Ndili nawo ambiri. Ena ndimangowadziwira mawu."

Analiza hutala, anazemba njinga ya mawilo atatu yodzaza anyamata oimba malipenga, anatukwana wina m'chiyankhulo cha komweko.

"Kunyumba mkazi muli naye?"

"Alipo. Ndiye amandidzutsa mbandakucha, ati pita, anthu akukudikira."

"Nanga amuna awo a akazi amenewa akadziwa?"

"Adziwe chiyani? Ena amachita kuwaperekeza okha. Amandipempha, a Amadeu, lero musamusiye mkazi wanga."

Ndinacheuka pa kagalasi ka kumbuyo kuti ndimuone Marlene, koma ndinangoona mimba ndi malamba a anthu, zitapanikizika pagalasipo. Amadeu anandipatsa mtedza wokazinga. Ndinakana.

Elídio tinamupeza pachipata atavala malaya ofiira a timu. Apolisi anatisecha, tinakwera masitepe ambiri, kenako bwalo linatseguka pansi pathu. Sindinama, ndinaima kaye. Udzu wobiriwira ngati nazale ya fodya, anthu kuzungulira mpaka kumwamba, ng'oma, malipenga, phokoso lolowa m'mafupa. Munthu wopanda nkhani mumtima akanasangalala. Elídio anandikhazika pakati, iye kumanja, Marlene kumanzere. Marlene anandigulira chakumwa chozizira n'kunditsegulira yekha. Ndinachiika pansi.

Mpira ndinkauona ngati mvula ya kutsidya. A Mambas atagoletsa, bwalo lonse linanyamuka. Marlene anadumpha, anatambasula manja pamwamba pa mutu wanga n'kukumbatira Elídio. Mwana wanga ankaseka ngati kamwana. Ndinakumbukira mmene inenso ndinkasekera ndi chitini chodzaza chimanga.

Osewera atapita kokapuma, phokoso linatsika. Ndinakoka malaya a Elídio. Sindinanong'one, poti ndinkadziwa kuti mkaziyo Chinyanja chake chimathera pa idyani.

"Ng'ombe sindigulitsa."

"Atate, pano? Tikakambe kunyumba."

"Pano pomwe. Mkazi uyu ali ndi mwamuna wina. Ndamuona, ndakhala naye mpando umodzi. Dzina lake Amadeu, wa ku Angónia, amayendetsa lole."

Nkhope ya Elídio inauma. Anafunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinamuuza zonse mwadongosolo: za pa mpopi, za nthiti zowawa, za pa paraje, ndi zimene Amadeu anavomera ndi pakamwa pake.

"Akumutcha mayilavu," ndinamaliza. "Iwe unali wakhanda, sudziwa. Mawu amenewo ndi amene anatenga mayi ako."

Elídio anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira pamphumi, mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira. Ankaseka.

"Atate, mayilavu ndi loleyo."

"Lole?"

"Malole onse opanda denga amene amanyamula anthu. Kumbuyo kulibe pogwira, ndiye aliyense amakumbatira mnzake kuti asagwe, kaya akumudziwa kaya ayi. Ndiye anthu anangowatcha choncho. Inenso ndimakwera mayilavu. Ngakhale ansembe amakwera."

"Nanga Amadeu?"

"Amadeu ndi woyendetsa. Akunena makasitomala ake."

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mbendera. Anasiya atayang'ana kupyola ine. Ndinatembenuka. Marlene sankaseka. Anakhala mowongoka, manja pamiyendo.

"Papá, ine ndamva," anatero m'Chinyanja, mawu amodziamodzi ngati akuponda miyala ya pamtsinje. "Kuyankhula ndimavutika. Kumva ndimamva."

Anandiyang'ana m'maso n'kupitiriza.

"Tinaima tonse pa paraje nthawi yaitali. Mukanafunsa ine. Ndinapempha bambo aja mpando chifukwa cha mawondo anu."

Ndinayang'ana chakumwa chija pansi. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi: "Galimoto ili ndi dzina lake. Bwanji osangoti lole?"

"Atate, khalani chete," anatero Elídio. Sanandiuzepo zimenezo chibadwire.

Osewera anabwerera. Marlene anaonera mpira mpaka kumapeto, osaimba, osadumpha. A Mambas anapambana. Potuluka anauza Elídio zinazake m'Chipwitikizi chothamanga, ndinangotola mawu akuti mchemwali wanga. Kwa ine anawerama pang'ono mwaulemu, n'kulowa m'chigulu cha anthu. Elídio anamutsatira pang'ono, anabwerera yekha. Sakanandisiya.

Dzuwa linali litapendeka. Machapa anali odzaza ngati kale, ndipo panalibe wondipemphera mpando wa kutsogolo. Elídio anandikankha matako, ena anandikoka manja, ndinapezeka ndaimirira kumbuyo kwa lole pakati pa anthu osawerengeka. Pogwira panalibedi. Lole itanyamuka ndinapepeluka, n'kukumbatira chimene chinali pafupi: mzimayi wamkulu thupi wa chipewa cha mbendera. Kumbuyo kwanga mnyamata wonunkha mowa anandigwira m'chiuno ngati ndine mkwatibwi wake. Wina anaponda phazi langa njira yonse. Ankaimba nyimbo za chipambano, magalimoto akuliza mahutala, ana akuthamanga m'mbali mwa msewu. Pa bampu iliyonse mzimayi uja ankaseka n'kunena kuti, "Gwirani zolimba, amuna anga." Nditatsika nthiti zinkawawa.

Marlene sanabwere tsikulo, ngakhale mawa lake. Madzi osamba anafunditsa Elídio, mosayankhula. Pondiperekeza kokwerera basi ndinamuuza kuti ndikafika ndikaitana Pascoal, wogula ng'ombe wa ku Fíngoè.

"Zisiyeni kaye, atate."

"Si zimene unandiitanira?"

"Marlene akuti akufuna aganize. Akuti lobolo imamangiriza mkazi ku banja lonse, osati kwa mwamuna yekha."

Ndinafuna kunena kuti mkazi amene amabisa kuti amamva chiyankhulo angabisenso zina. Ndinaona nkhope yake, ndinameza.

Mvula yagwa, yatha. Ng'ombe zili m'khola, zanenepa. Pascoal wadutsa kangapo pa mota yake kufunsa ngati ndaganiza, ndimamuuza kuti adikire. Ndikafuna kuimba telefoni ndimakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene pamagwira. Elídio amayankha, koma mwachidule: ali bwino, ntchito ilipo, kukutentha. Ndikafunsa za ng'ombe amati adzandiuza.

Sabata yatha ndinaimba masana. Akuyankhula, ndinamva kumbuyo kwake supuni ikugunda poto, ndi mawu a mkazi akufunsa kanthu m'Chipwitikizi. Mawuwo ndinawadziwa. Kenako kunangoti zii, ngati wina waika chala pakamwa.

"Ndani ameneyo?" ndinafunsa.

"Wailesi, atate."

"Mupatse telefoni wailesiyo ndimupatse moni."

Ndinamva dzanja likutseka telefoni, ndi manong'onong'o. Ndinadikira pachulupo, dzuwa likundiwotcha pakhosi.

"Akuti tsiku lina," anatero.