Mowa wa Tirigu ku Chelstone

Tsiku lachitatu mowa wa Exildah unasefukira. Thovu lofiirira linatukula chivundikiro cha mgolo n'kutsikira pansi m'kachipinda kosungiramo makala. Fungo lake linali la nthochi zakupsa kwambiri, komanso penapake ngati dzira lovunda.

Mowawo unali wokumbukira malemu apongozi ake aamuna, bambo ake a Norbert mwamuna wake. Apongozi ake aakazi, Bana Norbert, kapena kuti mayi a Norbert, anachokera ku Kasama kudzauyang'anira. Chaka chimenecho zinthu zinkasowa mu Lusaka, anthu akuima pamizere achinyamata a chipani akuwakusa ndi ndodo. Mawere sanapezeke pamsika uliwonse, choncho Exildah anameretsa tirigu. Apongoziwo anavomera monyinyirika, koma lamulo lakwawo sanalisiye: mkazi wofulula asagone ndi mwamuna mpaka mowa utapsa, apo ayi umasasa.

Tsono Norbert anali ku maphunziro a ntchito ku Ndola, sabata yachinayi tsopano. Mowa ukasasa mwini nyumba kulibe, ndani wausasitsa? Exildah analibe mlandu ngakhale wa m'maloto, koma mgolo sufunsa mboni.

Anapukuta pansi, nanena kuti akukaima pamzere wa sopo, n'kukwera minibasi ya ku Kabulonga. Kumeneko kunali a Meshack, khukhi wa mzungu wina, amene ankafulira bwana wawo mowa wa tirigu womwewu. Ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anamulowetsa m'kanyumba kawo kuseri kwa mpanda, namvetsera, kenako n'kuseka mpaka kutsokomola.

A Meshack anamuuza kuti tirigu ndi wamatama choncho: amatutuma kuposa mawere, amanunkha nthochi, ndipo fungo la dzira limatha lokha. Mowa wodwala suchita phokoso ayi. Thovu likagwa, pamwamba pamayala kakhungu koyera kopyapyala ngati ka pamkaka wowiritsa, fungo limakhala la viniga, ndipo ukatunga umananda ngati therere.

"Manje mvelani, ba Exildah," anatero. "Osaikamo chilichonse chamene simunaphike pa moto. Sipuni, kapu, olo chala. Ndiye vamene vimaononga."

Exildah anabwerera kwawo ku Chelstone miyendo itapepuka. Koma atalowa pampanda anapeza apongozi atawerama pamgolo, akutunga ndi chipanda chawo chakale, chong'aluka m'mphepete, chimene chinatunga mowa wa maliro onse a ku Kasama osaonapo madzi otentha. Analawa, nabwezera chotsalacho momwemo. Anati akhala akutero m'mawa uliwonse, chifukwa mowa wa malemu sausiya wokha.

Mtengwa angawauze bwanji apongozi kuti chipanda cha makolo n'chauve? Exildah anakatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Thovu linagwa Lachinayi. Lachisanu pamwamba panalibe kakhungu, Exildah nayamba kupumako. Loweruka, tsiku lobwera Norbert, achibale a ku Chilenje atayamba kale kuyala mphasa panja, anavundukula mgolo. Kakhungu kaja kanali katayala mpaka m'mbali, koyera, kokhala ndi timatuza. Fungo la viniga linamulasa m'mphuno. Anawiritsa supuni, nayamba kuyengula, koma mowa unkatsatira supuniyo ngati ulusi.

Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Bana Norbert anaima pamenepo, nayang'ana mgolo, nayang'ana supuni. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri. Anatseka chitseko kuti alendo asamve.

Exildah anayamba kufotokoza mothamanga za tirigu, za thovu, za ziwiya zosawiritsa. Anati si nzeru zake, anachita kuuzidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyi, tsiku lija anapita yekha kunyumba kwake. Anadzimva akunena zimenezo mawu atatuluka kale.

"Tsiku ya sopo," anatero apongoziwo motsitsa mawu. "Uyo munthu, mayo, ni mwamuna olo mukazi?"