Mipando Panja ku Chibanja

Loweruka pa 14 Juni 2025, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 1 koloko masana, a Meckson Chikadza anajambula nyimbo yawo m'chipinda chochezera cha nyumba yawo ku Chibanja, mumzinda wa Mzuzu. Anayesa kasanu ndi kawiri. Nyimboyo ndi ya mphindi zinayi ndi masekondi khumi, ilibe mawu, ndipo dzina lake ndi "Basi ya Lachinayi".

Tsikulo sanalisankhe mwachisawawa. Lolemba lake, pa 16, dokotala amayembekezeka kuwazula mano anayi akutsogolo amene anali atayamba kugwedera. Woliza lipenga amatsamiza milomo pa mano amenewa. A Chikadza atafunsa ngati adzathenso kuliza ndi mano oikirira, dokotalayo anayankha kuti sakudziwa, chifukwa palibe amene anamufunsapo zoterezo.

Anali ndi zaka 66. Lipenga analiphunzira mu 1975 m'bandi ya sukulu ya mishoni kwawo ku Dedza, komwe mphunzitsi wina anawasiyira malekodi asanu a jazi yofatsa ya m'ma 1950, ija lipenga limalira chapansipansi ngati munthu wolankhula ndi mnzake amene wakhala naye pafupi. Mu Januwale 1989 boma linawatumiza ku Mzuzu kukagwira ntchito yoyeza malo. Akazi awo, a Esme, anatsala ku Dedza miyezi isanu ndi iwiri kudikira kuti nyumba ipezeke. Nyimboyo inapekedwa m'miyezi imeneyo, ndipo basi imene inabweretsa a Esme inafika Lachinayi. Kwa zaka 36 inali isanalembedwe papepala kapena kujambulidwa. Inali m'mutu ndi m'milomo ya munthu mmodzi.

Wojambula anali mwana wawo wamkazi, Luntha, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale ina ku Katawa. Iye anafuna kuti aliyense ajambule payekha, kenako aphatikize pa laputopu. Bambo ake anakana.

"Eni ake a nyimbo zimenezi ankaima pamodzi, maikolofoni imodzi pakati," anatero. "Wina akalakwa, onse ayambirenso. Ndipo palibe wosiya ine ndisanasiye."

Oimba nawo anali awiri. Dinah Gondwe, woimba kiyibodi kutchalitchi kwawo, ndi Sekani Nyirenda, makaniko wa njinga zamoto, amene anabwera ndi ng'oma komanso timaburashi tiwiri tomwe anatipanga ndi mawaya a mabuleki a njinga.

Kukonzekera kunayamba 8 koloko. Chipindacho ndi cha mamita anayi kwa asanu, choncho sofa, mipando iwiri, tebulo ndi kabati ya matambula anazitulutsa n'kuziika pa kapinga kutsogolo. Nthambi ya mtengo wa mapeyala inali kukhukhuza malata mphepo ikawomba. Sekani anakwera n'kuidula, n'kuponya masambawo kunja kwa geti, m'mbali mwa msewu, akuti achotsa akamaliza. Luntha anatseka makatani, anapachika mabulangete m'mazenera, ndipo anauza onse azimitse mafoni.

Ulendo woyamba unaimitsidwa pa masekondi makumi anayi.

"Sekani, kuno si kuukwati," anatero a Chikadza. "Sesa ng'omayo, usamenye."

"Adada, ine ng'oma yosesa ndaionera kwa inu. Kwathu timasesa pabwalo."

"Ndiye sesa ngati apongozi ako agona."

Wachiwiri unasokonezedwa ndi njinga yamoto yakabaza. Wachitatu unafika kumapeto, koma Luntha atamvetsera anapukusa mutu. Chipinda chopanda mipando, cha simenti pansi ndi makoma opanda kanthu, chinkabweza mawu.

"Zikumveka ngati mukuimbira m'thanki, Adadi. Komanso lipenga likuphimba anzanu."

Anabweretsa matiresi, n'kuliimiritsa pakona, n'kuuza bambo ake akaime kuseri kwake. Lipenga linachepa mphamvu, koma thankiyo sinachoke. Wachinayi ndi wachisanu zinali chimodzimodzi. Utatha wachisanu, a Chikadza anapukuta pakamwa ndi hanki, ndipo pa hankiyo panatsala kadontho kofiira. Anaipinda msanga. Luntha anali ataona kale.

"Tipume kaye?"

"Kupuma sikulimbitsa mano. Mwatsala maulendo awiri m'kamwa muno, mwina umodzi ndi theka."

Nthawi yonseyi a Esme anali atakhala pa mkeka, atatsamira khoma, popeza mipando inali panja. Kunkazizira monga mwa Juni, ndiye anavala juzi, chitenje ndi mpango kumutu. Nyimboyo ankaidziwa ngati dzina lawo, koma anali asanaimvepo ili ndi kiyibodi ndi ng'oma. Ulendo wachisanu ndi chimodzi utangoyamba, misozi inayamba kutsika.

Zimene zinkachitika panja zinadziwika pambuyo pake, ndipo onse amene analipo amazifotokoza mofanana. Cha m'ma 11:20, a Mervis Msiska, amene anthu amawatchula kuti anyaMsiska, oyandikana nawo a tsidya la msewu, anatuluka kukayanika zovala. Anaona masamba pamsewu. Anaona mipando panja, makatani otseka, ndipo anamva kiyibodi ikulira pang'onopang'ono. Anakumbukira kuti Lachinayi ku mapemphero, a Chikadza anapempha kuti awapempherere za kuchipatala. Anaimbira a Esme, foni yozima. Anaimbira Luntha, foni yozima. Ku Chibanja, monga kwina kulikonse, masamba pamsewu ndi mipando panja zili ndi tanthauzo limodzi.

Pofika 11:50 anali atasonkhana amayi khumi ndi mmodzi ndi abambo atatu. Abambowo, motsogozedwa ndi a Davie Kaunda, wapampando wa komiti ya m'deralo, anavula zipewa n'kukhala pa sofa panja, monga mwa mwambo. Amayi anavula nsapato pakhonde. Pamaliro sapanga odi, choncho anangotsegula chitseko n'kulowa mmodzimmodzi, mowerama.

"Basi ya Lachinayi" imayamba ndi lipenga, pakati kiyibodi imatsala yokha ndi ng'oma kwa mphindi imodzi ndi theka, kenako lipenga limabwereranso. Amayiwo analowa pa gawo la kiyibodi. Anapeza chipinda chamdima, woimba wa kutchalitchi akuimba atatsinzina, mwana wamkazi atawerama ndi nkhope m'manja, ndi a Esme akulira pa mkeka. A Chikadza sankaoneka paliponse. Amayiwo anakhala pansi motsatira makoma onse, anyaMsiska n'kugwira dzanja la a Esme.

A Esme anatsegula pakamwa, koma anakumbukira maikolofoni, n'kungoika chala pamilomo. Luntha anali atavala mahedifoni, atafulatira chitseko. Sekani yekha ndiye anaona zonse. Maso anatuluka, koma lamulo linali loti palibe wosiya, ndiye anapitiriza kusesa.

Kenako lipenga linalira kuchokera kuseri kwa matiresi.

AnyaMsiska anayang'ana laputopu, n'kunong'oneza mayi amene anali pambali pawo. "Aika tepi ya malemu." Anapirira masekondi ena makumi awiri. Pa mphindi yachitatu ndi masekondi 41, monga fayilo ikusonyezera mpaka lero, anakweza mawu.

"Adada Chikadza mwe! Mwatileka!"

Lipenga linadukiza. Matiresi linasuntha, ndipo a Chikadza anatuluka, lipenga m'manja, magalasi ali pamphuno.

"Ndani akulira m'nyimbo yanga?"

Amayi awiri anatuluka pakhomo nthawi imodzi, osakumbukira nsapato. Wina anaitana dzina la Yesu katatu. Panja a Kaunda anaimirira msanga mpaka chipewa chinagwera m'maluwa. AnyaMsiska sanathawe. Anawayang'ana a Chikadza kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Muli moyo?"

"Mpaka pano, eya. Mwatandala uli, anyaMsiska?"

"Musandipatse moni! Mipando panja, masamba pamsewu, mafoni ozima, amama akulira pa mkeka. Ife tiganize kuti pali chiyani, chinkhoswe?"

"Masambawo ndi ine, amama," anatero Sekani. "Pepani chomene. Ndimati ndichotsa."

"Iwe, Nyirenda, wobadwira konkuno? Awa tiziti ndi a ku Dedza, kaya kwawo masamba amatayira pamsewu. Nanga iwe?"

"Ku Dedza nakonso ndi maliro," anatero a Esme, ndipo apa kuseka kunawagonjetsa. Anaseka mpaka anagona chammbali pa mkeka, misozi ija ikutsikabe. Dinah anabisa nkhope pa kiyibodi, makiyi n'kulira onse pamodzi. Amayi aja anayamba mmodzimmodzi, ndipo omwe anathawa anabwerera kudzasuzumira pakhomo.

"Nanga mumaliriranji?" anafunsa anyaMsiska akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Nyimboyo."

"Yachisoni chomene."

"Si yachisoni," anatero a Chikadza. "Ndi yodikira basi."

Luntha sanaseke nthawi yaitali. Anabwezeretsa mahedifoni n'kumvetsera ulendo wowonongekawo, kenako anaubwereza. Anaitana bambo ake n'kuwaveka mahedifoniwo.

"Mverani apa, poyambirira. Thanki ija. Tsopano mverani kuyambira mphindi yachiwiri."

A Chikadza anamvetsera atatseka maso. Kuyambira pamene amayi anakhala pansi, chipinda chinasiya kubweza mawu. Kiyibodi inamveka yofunda, timaburashi ta Sekani tinamveka kawaya kalikonse, ndipo lipenga litabwerera linali pafupi, ngati la m'malekodi asanu aja.

"Wachita chiyani?"

"Ine palibe. Ndi matupi awo, majuzi ndi zitenje. Zikumwa phokoso limene makoma amabweza."

A Chikadza anavula mahedifoni, n'kuyang'ana amayi khumi ndi mmodziwo. Anawafotokozera za Lolemba, za mano anayi, ndi zoti mlomo watupa kale moti watsala ulendo umodzi wokha.

"Mwabwera kudzandilira, zikomo, ndaona kuti mudzabweradi. Tsopano ndikupempha chinthu chovuta kuposa pamenepo. Mukhale pomwe munakhalapo, mphindi zinayi, osalira, osatsokomola."

"Ife ndiye takhala matiresi?" anafunsa mayi wina.

"Matiresi lalephera, amama," anatero Sekani. "Inu mwakhoza."

Abambo anapatsidwa ntchito zawo. A Kaunda anaimba foni kubweza uthenga umene unali utapita kale kwa abusa, ndi winanso wobwereka tenti. Awiri enawo anachotsa masamba pamsewu n'kuima pageti kupempha akabaza kuti adutse injini itazima. Luntha anagoneka matiresi pansi. Popeza chipinda chinali chitasintha, bambo ake akanatha kuima poyera, mamita awiri kuchokera pa maikolofoni. Iwo anasankha malo oyang'anana ndi mkeka. Anatsukuluza m'kamwa ndi madzi ofunda amchere, n'kulowetsa kukamwa kwa lipenga kachitini kochepetsa mawu kamene wokhoma zidebe anawapangira kumsika mu 1992.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri unayamba 12:41. Sekani anawerenga ndi mutu, osatulutsa mawu. Lipenga linalowa mochedwa pang'ono, monga mwini wake amafunira, n'kuyenda ngati munthu amene wafika pasiteji nthawi isanakwane ndipo alibe kwina kopita. Dinah ankayankha ndi zala ziwiri zitatu, dzanja lamanzere likuyenda pansi. Pa gawo la kiyibodi a Chikadza anatsitsa lipenga, n'kugwira chibwano ndi chikhatho. Luntha anawayang'ana. Iwo anapukusa mutu kuti asaimitse. Atabwereranso, pa mphindi yachitatu ndi masekondi awiri, liwu lokwera kwambiri m'nyimboyo linang'ambika pang'ono. Sanasiye. Analitsitsa bwinobwino mpaka kumapeto, maso ali pa a Esme, amene ulendo uno sanalire.

Liwu lomaliza litazilala, Luntha anakweza dzanja kuti pasakhale wosuntha. Panapita masekondi asanu ndi anayi. Atatsitsa dzanjalo, anyaMsiska anayambitsa nthungululu, ndipo ya amayi khumi ndi mmodzi m'chipinda cha mamita anayi kwa asanu inamveka mpaka kumsewu, komwe wakabaza wina anaima n'kufunsa ngati maliro aja asanduka ukwati.

Anamvetsera katatu. Luntha ananena kuti liwu long'ambika lija akhoza kulikonza pa laputopu. Bambo ake anati alisiye. Iwo anafuna kuti nthungululu idulidwe, a Esme anakana, ndipo inatsala. Shuga ndi masamba a tiyi amene amayi anabweretsera maliro zinagwira ntchito tsiku lomwelo, abambo atabwezera mipando m'nyumba. AnyaMsiska anapempha kuti nyimboyo awaikire pa foni, n'kuuza aliyense kuti idzalizidwe pa maliro awo enieni, popeza nawonso alimo.

"Mulimo pati?" anafunsa Sekani.

"Chete amene ukumumvayo ndi ine."

Lolemba pa 16 Juni, 10 koloko m'mawa, mano anayi aja anazulidwa. Oikirira anaikidwa Lachinayi pa 31 Julaye, ndipo dokotala anati padutse milungu iwiri asanayese chilichonse cholimba. Milunguyo inatha pa 14 Ogasiti. Lamlungu pa 17, atabwera kutchalitchi, a Chikadza anatsitsa bokosi la lipenga pamwamba pa wadirobu, analitsegula patebulo, n'kuthira mafuta m'mabatani onse atatu. A Esme anafunsa ngati atseke makatani. Iwo anati ayi, makatani akhale otsegula ndipo mpando uliwonse ukhale pamalo pake. Lipengalo likadali patebulopo, ndipo sanaliike pakamwa.