Phazi la Atcheya

Njinga yanga yamoto ndi yaikulu kwa ine ndi zaka khumi ndi zisanu. Inali ya masisitere kalekale, bambo anga anaigula itafa kale, ndipo inakhala pakhonde nkhuku zikuikira mazira pansi pake mpaka ine Prudence nditatopa kuiona. Ilibe kilachi. Ukangopotoza mafuta imadzikokera yokha. Kuikonza ndinaphunzira ndekha, pa mavidiyo a pafoni ndi zala zopsa. Ndinaika sipuloketi yaikulu kumbuyo, pomwe tcheni imazungulira, kuti njinga izikoka mumchenga, matayala onenepa, ndipo ekizozi ndi popumira injini ndinazikweza kufika m'chiuno, chifukwa kuno ku Nsanje madzi akabwera saodira.

Ndinkafuna chinthu chimodzi: jekete yowala ya siteji ya kabaza ya pa Msawu, panjira ya ku Marka. Wopanda jeketeyo sanyamula munthu pamenepo.

Siteji ili ndi lamulo lake. Watsopano amanyamula atcheya, a Gabriel, n'kuwoloka nawo mtsinje wa kuseri kwa msika. Phazi likagunda pansi, lako kapena lawo, walephera. Chimene aliyense ankadziwa koma osanena n'chakuti munthu amene a Gabriel sakumufuna ankangomutsitsira phazi mumchenga, n'kunena kuti njinga inapendama. Simoni wa ku Ndamera a Gabriel anamuchita zimenezi kawiri. Analowa kachitatu, atakwatira mlamu wawo.

Tsiku langa linali Loweruka. A Gabriel anafika atatchena, buluku loyera ndi nsapato zatsopano zosongoka, akuti tifulumire chifukwa akuwadikira ku chinkhoswe. Anaizungulira njinga yanga n'kufunsa anzawo ngati kanthu aka kamayendera mafuta kapena mapemphero a korona a masisitere aja. Onse anaseka. Wina anati ndikagulitsire mandasi.

Mutu unanditentha. Ndinawauza pamaso pa onse kuti ndikudziwa za phazi lawo, ndipo ndinawapempha anene lamulo mokweza kuti lisasinthe tikafika tsidya.

"Kuwoloka mtsinje, phazi osagunda pansi. Lilipo lina, mwanawe?"

"Ndamva, atcheya. Kwerani."

Mtsinjewo nthawi ino ndi mchenga wokhawokha, koma chakumunsi kuli thamanda limene silimaphwa, pomwe ng'ombe zimamwera. Madzi ake ndi akuda, ofika m'maondo, pansi pake matope osakanikirana ndi ndowe. A kabaza amalilambalala, chifukwa njinga zawo madzi akalowa mu ekizozi zimazima. Ine ndinali nditadutsamo kasanu ndi kawiri sabata imeneyo, nditamanga thumba la chimanga kumbuyo.

Tinatsika pagombe. Ndinamva a Gabriel akusuntha pampando, kukonzekera. Ndinakhotera kumunsi.

"Iwe, njira si imeneyi."

"Mwati mtsinje, atcheya. Simunati pati."

Tinalowa. Madzi anapatuka mbali zonse, fungo n'kukwera. Injini inangosintha mawu koma sinatsokomole. Pagalasi ndinaona maondo a atcheya atafika pachifuwa, nsapato zili m'mwamba, manja atakakamira keliyala. Ankatukwana m'Chisena, kenako m'Chimang'anja, koma phazi silinatsike. Pakati penipeni tayala lakumbuyo linaterereka pang'ono. Ndinapotoza mafuta pang'onopang'ono, njinga inagwira pansi, n'kutitulutsa.

Tsidya anatsika ali ouma, kupatula madontho awiri pabondo. Anzawo anali atafika kale kudzera mumchenga. A Gabriel anayamba kunena kuti mayesowo sawerengedwa, kuti ndaika moyo wawo pachiswe, kuti tibwereze Lolemba. Ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma Simoni anandidula. Anayankhula akuyang'ana pansi.

"Alamu, lamulo mwalinena nokha. Tonse tinalipo."

Kenako mmodzi wa achikulire anati mtsikanayu wawoloka, enanso n'kuvomera mmodzimmodzi, ena akubisa kuseka.

A Gabriel anatsegula bokosi la panjinga yawo, n'kutulutsa jekete, n'kuiponya pa handulo yanga osandiyang'ana. Inali yong'ambika phewa. Ndinaivala pomwepo, n'kuwauza kuti pamsonkhano wa mwezi uno ndidzapempha kuti wokwera poyesa watsopano azisankhidwa ndi maere. Anati ndikhale kaye sabata imodzi ndisanayambe kulamula.

Pamene ankatero, mayi wina wa dengu la nsomba zouma anali atandigwira kale mkono, kufunsa ngati ndikafike ku Marka dzuwa lisanakule. Ndinamanga dengulo n'kuwauza akwere.