Tsitsi la Tawakali

Ine Nasibu miyendo yanga sidziwa kukhala malo amodzi. Ndakhalako ku Beira, ku Halale, ku Ndola, ndipo ku Tabora ndinafikako mano ndikadali nawo onse. Kulikonse ndatola nkhani za anthu ngati mmene ena amatolera mabotolo. Iyi ndinaitola ku Randburg mu 1982, kuseri kwa nyumba ya mzungu, ndipo mpaka lero imandilemera m'thumba.

Mwini nkhaniyi ndi Majidu, wa kwa Kawinga ku Machinga. Anabwera ku Joni kudzagwira ntchito ya m'migodi. Ndege yonyamula antchito a m'migodi akwathu itagwa ku Francistown mu 1974, boma la kwathu linaitana anthu ake kuti abwerere. Anzake anapita, iye anatsalira. Anagula pasi yoyendera m'dzikomo ya munthu wakufa, Mshangani wina dzina lake Johannes Maluleke, n'kumatapo chithunzi chake. Kuyambira pamenepo kwa apolisi, kwa madamu, ngakhale kwa galu wa pakhomopo, iye anali Johannes. Ntchito yake inali yosamalira maluwa. Mkazi wake Dikeledi, Mtswana wa cha ku Rustenburg, ankachapa ndi kusita m'nyumba. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa galaja, ka windo limodzi loyang'ana khoma.

Nthawi imeneyo ndinkalondera nyumba yosungiramo matayala ku Marlboro. Majidu ananditumizira uthenga kuti ndifike Lachinayi masana, tsiku lopuma antchito a m'nyumba za azungu. Ndinapeza Dikeledi atakhala pabedi, khanda lili pamiyendo.

"Che Nasibu," anatero Majidu, "mwanayu wakwanitsa masiku asanu ndi awiri lero. Shehe ndilibe, mjomba ndilibe. Amene alipo ndinu."

"Ine wake, amene ndimakumbukira Lachisanu litadutsa kale?"

"Koma azana mukuikumbukira?"

"Imeneyo ndiye siichoka, ngakhale utaithamangitsa."

Ndinasamba m'manja pampopi wa panja, n'kunyamula mwanayo. Ndinamunong'oneza azana, mawu oitanira anthu kumapemphero, m'khutu lakumanja monga amachitira kwathu, mawu atatsitsidwa kuti asadumphe mpanda. Nditamaliza ndinafunsa dzina. Majidu anayamba wasuzumira panja, n'kukankha chitseko ndi chidendene.

"Tawakali."

Ndinamuyang'ana. M'maulendo anga onse a Cassim ndakumana nawo osawerengeka, a Saidi angathe kudzaza sitima mpaka ena kukwera pamwamba, koma a Tawakali ndinali nditakumana nawo awiri okha. Wina anali telala ku Tabora, wina nkhalamba yokumba manda ku Ndola, ndipo onsewo makolo awo anali ochokera kumapiri akwathu. Telala uja ndiye anandimasulira. Anati mawuwo ndi a Chiarabu, anabwera kuno kumtunda ndi amalonda a Chiswahili, ndipo amatanthauza kuti ndatsamira pa Mulungu. Amawanena munthu amene akunyamuka ulendo umene sakuona pothera pake.

Ndinamuuza Majidu zimenezi. Anagwedeza mutu, n'kundipatsa zakenso. Agogo a bambo ake anabadwira m'njira ya ku Kilwa, pa ulendo wonyamula minyanga. Ulendo sukanadikira mayi wongochira kumene. Bambo wa khandalo anasiya mayi ndi mwana m'mudzi wa eni, ananena mawu amenewa m'khutu la mwanayo, n'kutsatira anzake. Sanabwererenso. Mayi anasandutsa mawuwo dzina.

"Tsiku lonyamuka, bambo anandigwira dzanja pa Liwonde," anatero Majidu. "Sanandipemphe bulangete kapena njinga. Anati mwana wako woyamba wamwamuna, dzina ukulidziwa."

Apa Dikeledi anayankhula, m'Chizulu cha m'tauni chimene tonse tinkamvana nacho.

"M'chipinda muno mutcheni mmene mukufunira, madala. Papepala akhala Jerome."

"Pepala ndiye likufunikalo," anatero Majidu.

Anandifotokozera. Lamulo silinkalola ana m'tizipinda ta antchito, ndipo madamu anali atawapatsa mpaka kutha kwa mwezi. Mwana amayenera kupita kwa amayi a Dikeledi kumudzi. Kumeneko palibe amene akanatchula dzina la Chiyao. Chimene chikanapita naye n'kukula naye ndi chikalata chobadwira basi.

"Jo, tandimvera," anatero mkaziyo. "Mshangani wa ku tchalitchi angatche mwana dzina la Chinyasa? Kalaliki akangokweza maso n'kuyang'anitsitsa pasi yakoyo, akukweza sitima. Mwanayu atsala ndi dzina lokongola, bambo alibe."

"Nanga inu, Che Nasibu, mukuti bwanji?"

Akanakhala Cassim, tikanati tatengera Mmwenye wa sitolo ku Fordsburg, kalaliki akanaseka n'kulemba. Koma dzina losowa lili ngati mbuzi yoyera m'khola la zakuda. Limaloza kwawo lokha.

Majidu anatenga lezala latsopano, n'kumeta tsitsi loyamba la mwanayo pang'onopang'ono, mwana akulira, mayi akumutonthoza. Analikulunga m'kansalu koyera. Kwathu tsitsi lotere limakwiriridwa pakhomo pa makolo, kuti mwana adziwe kobwerera. Kuno pakhomo pake panali simenti kuyambira pachitseko mpaka pageti. Anatuluka ndi kakhasu kake ka maluwa, n'kukakumba pansi pa kamtengo ka mandimu kamene anali atangobzala pakona ya munda wa madamu. Mbuzi ya mwambo panalibe poizingira. Tinadya nkhuku ya m'sitolo ndi buledi.

Lolemba m'mawa ndinamuperekeza ku ofesi yolembetsa ana a anthu akuda. Dikeledi anangoti, "Ukabwere, Jo," osamuyang'ana. Mzere unayambira pamsewu. Tinaima kuyambira dzuwa likutuluka mpaka mithunzi italowa pansi pa mapazi. Majidu ankangosisita pasi ija m'thumba la jekete.

Pawindo panali kalaliki wakuda wa magalasi, wa imvi pang'ono, ndipo pakathabwa ka patebulo pake panalembedwa kuti S. Nkosi. Kumbuyo kwake, kuseri kwa galasi, mzungu ankasanthula mapepala amene akalaliki amaliza. Nkosi anatenga pasi, anayang'ana chithunzi, n'kufunsa m'Chizulu.

"Dzina la mwana?"

Majidu anayandikira pawindo. "Jerome Tawakali Maluleke."

Cholembera chinalemba dzina loyamba n'kuima. Kalaliki anakweza maso pamwamba pa magalasi, anayang'ana Majidu, anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso pasi. Kenako anawerama ngati akufuna chidindo m'dirowa, nayankhula motsitsa, milomo osaigwedeza kwenikweni, m'Chichewa chenicheni cha kwathu.

"Achimwene, limeneli sindilemba."

Majidu anagwira m'mphepete mwa windo.

"Ndinalimva komaliza ndili mwana ku Katuli," anapitiriza kalaliki. "Bwana ali kumbuyoyo ali ndi diso la mayina. Akaliona adzafunsa kuti ndi la mtundu wanji. Adzayamba ndi inu, kenako adzafunsa chifukwa chimene ine sindinafunsire. Ndili ndi ana anayi ku Tembisa. Ine ndine Nkosi, inu ndinu Maluleke. Tisaphane."

"Ndi dzina la agogo," anatero Majidu. Mawu ake anali ngati a munthu wodwala.

"Ndikudziwa. Anganso anali ndi dzina."

Anadzutsa mutu, n'kufunsanso mokweza m'Chizulu ngati Jerome alembe ndi chilembo chimodzi kumapeto kapena ayi, anthu a pamzere amve kuti ntchito ikuyenda. Majidu akanatha kukakamira. Anayang'ana mzungu uja kuseri kwa galasi, anayang'ana pasi yake ili m'dzanja la munthu wina. Kenako anati, "Lembani Jerome." Chidindo chinagunda, ndipo wa kumbuyo kwathu anali atatikankha kale.

Panja tinayenda mpaka pokwerera minibasi. Pamenepo anandifunsa ngati ndikuganiza kuti mwana wa masiku asanu ndi awiri amasunga zimene wamva m'khutu. Ndinati sindikudziwa. Mwezi utatha Dikeledi anakwera basi ya ku Rustenburg ndi mwanayo, nabwerako patapita masiku atatu ndi nsalu yoberekera atapinda m'chikwama.

Ine miyendo inandiyabwanso. Ndinapita ku Durban, ndinakafika ku Kimberley, ndinadwalako miyezi isanu ku Gaborone. Ndinabwerera ku Joni mu 1992, ndipo Lachinayi lina ndinatsikira ku Randburg osayembekezera kupeza aliyense. Mpanda unali utakwera, pamwamba pali waya. Koma amene anatsegula geti anali Majidu, atavala ovolosi yobiriwira, msana utayamba kupindika.

"Che Nasibu, simunafe?"

"Imfa imandipeza nditachoka kale. Nanga iwe, ukadali pompano?"

Madamu akale anali atasamukira kunja. Anagulitsa nyumba, ndipo eni atsopano anamupeza pamenepo ngati mpopi wa madzi, n'kupitiriza kumugwiritsa ntchito. Mapasi anali atathetsedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, koma chitupa chatsopano anamupatsa cha Johannes Maluleke yemweyo. Kuti apite kwawo ankafunika kukauza ofesi ina kuti zaka zonsezi wakhala munthu wakufa. Bambo ake anamwalira mu 1987. Makalata awo ankadzera kwa mnzake wina ku Hillbrow, ndipo iliyonse inkatha ndi moni kwa Tawakali. Majidu ankayankha kuti Tawakali akukula bwino.

"Mwanayo ukumuona?"

"Pa Khirisimasi. Ali ndi zaka khumi. Wanzeru, Chitswana ngati mvula."

"Wamuuza?"

Anapukusa mutu. "Mwana ndi wailesi, Che Nasibu. Akakanena kusukulu kuti bambo ake ndi Mnyasa, mawa zafika kwina. Ndimati akule kaye. Chaka chilichonse ndimati akule kaye."

Dikeledi anatuluka ndi tiyi, nandiuza kuti msuweni wake anapezera mwamuna wakeyo ntchito m'fakitale ku Marlboro, yokhala ndi nyumba ya zipinda ziwiri pafupi, yoti mwana akanabwera kudzakhala nawo patchuthi chonse. Majidu anakana kawiri.

"Mufunseni nokha chifukwa chake, madala. Ine ndatopa."

Majidu ananditengera pakona ya munda. Kamtengo kaja kanali katapitirira denga la galaja, mandimu ali mbwee. Pansi pake panali posesedwa bwino, pozungulira atayalapo timiyala.

"Bwana watsopanoyu wanenapo kawiri kuti akufuna kudula, aikepo poimika galimoto," anatero. "Ndimamuuza kuti mizu yagwira mapaipi, akaudula madzi aphulika. Ndikachoka ine, amuuze ndani? Kulikonse kuli Jerome. Kusukulu, kuchipatala, kwa agogo ake. Tawakali ali pano pokha."

Anathyola mandimu anayi n'kundiikira m'thumba la jekete. Kenako anandifunsa kuti masiku ano ndikamawerenga a Tawakali anga aja ndimati alipo angati.

"Atatu," ndinatero.

"Wachitatuyo muzimutchula kumene mukuyendako. Kungomutchula basi."

Pawindo la kukhitchini mawu a mkazi anaitana Johannes. Majidu anavomera msanga, anapukuta manja pa ovolosi, n'kunditsegulira geti. Nditatuluka ndinamva loko akutseka kumbuyo kwanga.