Mwendo wa a Milisav, Buledi wa a Radojka

Kunatsala masiku anayi kuti lifike tsiku la Nikola Woyera, slava ya banja lawo, phwando la chaka ndi chaka lolemekeza woyera woteteza banjalo. A Radojka anali atachapa kale makatani, atapukuta chithunzi cha woyerayo pakhoma, nsomba atazilankhulira kumsika. Chimene chinali chisanakonzeke ndi amuna awo, a Milisav.

Mu Okutobala madokotala anawang'amba a Milisav m'chiuno n'kuikamo chitsulo. Powatulutsa, dokotala ananena mosabisa kuti kuyenda pang'ono palibe vuto, koma kuima nthawi yaitali ayi, chitsulocho chikasuntha abwereranso kumpeni. Tsono pa slava mwini nyumba sakhala pansi. Kandulo ikangoyatsidwa m'mawa, iye amaima chiimire, kulandira alendo, kuthira zakumwa, mpaka mlendo womaliza atatuluka. A Milisav anali ataima choncho zaka pafupifupi makumi anayi.

"Chaka chino slava mumupatse Vukašin," anatero a Radojka, akusankha nyemba patebulo. Vukašin anali mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala m'chipinda cham'mwamba ndi mkazi wake Jagoda.

"Ndafa ine?" anafunsa a Milisav.

"Simunafe, koma mukuyenda ngati bakha."

"Bambo anga anaima mpaka ndevu zonse mbuu."

"Bambo anu analibe chitsulo m'thako. Mwanayo nayenso imvi zayamba, mukufuna adzalandire slava ali pa ndodo?"

A Milisav anakanda pachibwano. "Ndiima m'mawa wokha. Masana ndizizembera kukhitchini."

"A Obrad akutsatani konko, tambula ili m'manja. Munthu amene anaimira umboni ukwati wathu mungamuzembe inu?"

"Ndiika kampando kuseri kwa chitseko."

"Ayi."

"Nditsamira khoma."

"Khoma si dokotala. Musanditayitse nthawi, nyemba zikundidikira."

Apo bambowo anamwetulira kumwetulira kumene a Radojka sankakukonda.

"Chabwino mayi, tichite malonda, paja inu ndi katswiri. Buledi wa slava mumupatse Jagoda. Akande yekha, akongoletse yekha, inu osakhudzako ngakhale ndi chala. Mukatero, ine ndipereka slava."

Nyemba zinaima m'manja mwa a Radojka. Buledi ameneyo msewu wonse unkamudziwa: wofufuma bwino, nkhata yolukidwa m'mbali, tinkhunda tinayi pamwamba, pakati chidindo chamtengo chimene anawasiyira apongozi awo. Jagoda anali atakhala m'nyumbamo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chimene ankaloledwa pa buledi ameneyu chinali kutsuka beseni basi.

"Akande iye, tinkhunda ndiumbe ine," anatero a Radojka.

"Ayi."

"Uvuni ndiyang'anire ine."

"Ayi."

"Mchere wokha. Kamchere kokha, a Milisav."

"Ngakhale mchere."

"Mbala inu!"

"Ndaphunzira kwa inu," anayankha bambowo, akuseka mpaka kutsokomola. Ankadziwa kuti apambana. Mkazi amene analanda supuni m'manja mwa mlongo wa wansembe angapereke buledi kwa mpongozi?

Masana a tsiku lomwelo a Radojka anatuluka kukataya madzi, ndipo pobwerera anawaona amuna awo m'kanjira kopita kubafa. Bambowo sanadziwe kuti pali wowaona. Dzanja limodzi linali pakhoma, lina pa ndodo, thukuta lili kamukamu pamphumi m'chisanu cha Disembala. Mapazi asanu okha, koma anapumira kawiri. A Radojka anakumbukira fungo la kuchipatala, ndi mmene bambowo ankalumira pilo kuti anzawo a m'chipindamo asamve akubuula. Anaika ndowa pansi, n'kutsegula kabati, n'kutulutsa chidindo chija m'kansalu kake. Masitepe anawakwera akung'ung'udza.

"Amayi, kwagwanji?" anadabwa Jagoda potsegula chitseko.

"Tenga. Buledi upanga ndiwe."

"Ine? Nanga ndikawononga?"

"Tidya wowonongekayo. Mazira ndi mkaka usaike, ndi nyengo yosala."

"Ndikudziwa, amayi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana."

"Kuyang'ana ngakhale mphaka amayang'ana. Zina usandifunse, ndaletsedwa."

A Radojka anatsika n'kukaima pamaso pa a Milisav, manja ali m'chiuno. "Malonda atheka. Konzani dzanja lamanja loperekera slava." Kumwetulira kwa bambowo kunazima ngati nyale yopanda mafuta.

Tsiku lophika linali lalitali kuposa masiku onse amene a Radojka anawaonapo. Anaphika nyemba, anawiritsa tirigu, anakulunga kabichi, koma makutu anali kudenga. Ankamva mtanda ukumenyedwa patebulo m'mwambamo, di, di, di, ndipo mtima wawo unkati akuufulumiza, mtanda sufuna ukali. Katatu konse anapezeka ali patsinde pa masitepe.

"Phazi likangoponda sitepe, malonda afa," ankatero a Milisav ali pabedi, maso ali pa nyuzipepala.

Mayiwo ankabwerera kukakwecha mapoto oyera kale.

M'mawa wa slava Jagoda anatsika ndi buledi atamufunditsa nsalu yoyera. Atavundukula, a Radojka anasuzumira. Buledi anapendekera mbali imodzi ngati chipewa cha chidakwa, ndipo tinkhunda tinkaoneka ngati anapiye onyowa. Chidindo chokha ndicho chinatuluka bwino, zilembo zonse zikuoneka. Alendo oyamba anali atafika kale, a Obrad ndi akazi awo, ndipo mayi mlendoyo anakweza nsidze.

"Ii, a Radojka, chaka chino dzanja lanjenjemera?"

Jagoda anagwetsa nkhope. A Milisav anawayang'ana akazi awo, akudikira. Mayiwo akanangotulutsa mawu amodzi okha onyoza, bambowo akanati buledi wotere sangaperekere slava.

"Wapanga mpongozi wanga," anatero a Radojka mokweza, kuti ndi a kukhomo omwe amve. "Ndipo ndi wabwino. Amene sakumufuna, nsomba zilipo."

Wansembe anafika, kandulo inayatsidwa. Wansembeyo anadula buledi kunsi mopingasa, anathirapo vinyo, ndipo banja lonse linamuzunguza m'manja likuimba. Kenako anamunyema. A Milisav anaima ndi chigawo m'dzanja, mwendo ukunjenjemera m'buluku. Anayang'ana chithunzi pakhoma, anayang'ana kandulo. A Radojka anangowalozera ndi chibwano kumene kunaima mwana.

"Vukašin," anatero bambowo. "Bwera kuno, chitsiru iwe. Tenga. Slava uziisunga mmene ndinaisungira ine. Kandulo isazime mlendo ali m'nyumba."

Anapereka ndi dzanja lamanja, anapsompsonana katatu m'masaya. Asanamalize n'komwe kupukuta m'maso, a Radojka anali atawakankhira kale mpando kuseri kwa mawondo. A Milisav anagwera pampandopo, thi.

"Taonani bwana!" anafuula a Obrad. "Zaka makumi anayi ndikumwa ndekha chokhala, lero ndapeza mnzanga. Vukašin, thira kachasu wa mapulamu uja, bambo ako ndi mlendo tsopano!"

A Radojka anatembenuka kuti athamangire kukhitchini, koma Jagoda anawatchinga ndi mbale ya nsomba. "Amayi, khalani. Zatheka zonse."

Anakhala, pambali pa amuna awo, manja osadziwa kopita. A Milisav ananyema kachidutswa ka buledi, anatafuna, n'kuwanong'oneza kukhutu.

"Mchere wachepa."

"Ndamva kale. Idyani mwakachetechete."

Belu la pakhomo linalira. Thupi la a Milisav linadzuka lokha mwa chizolowezi, dzanja likufufuza ndodo. A Radojka anawagwira bondo n'kulikanikiza pansi mwamphamvu, ndipo sanalisiye mpaka anamva Vukašin akutsegula chitseko ndi kulonjera alendo.