Dikishonale ya atsikana asanu

Mervis anali atadya kale theka la usipa pamene anayang'ana pepala limene mlamu wake Muriel anamukulungiramo. Linali lopyapyala, lodzaza mawu a Chingerezi ang'onoang'ono. M'mbali munali zolemba za pensulo, ndipo kalembedweko ankakadziwa: ka mwana wake Debora.

Linali tsiku lofika sitima pachilumbapo, anthu piringupiringu padoko. Mervis anasuzumira pansi pa beseni la Muriel. Dikishonale inali pomwepo, masamba ambiri akumbuyo atathotholedwa.

Bukulo silinali lawo. Linali la aphunzitsi a Hamilton, ochokera kumtunda, ndipo analibwereketsa atsikana asanu a Fomu 4 kuti azilisunga sabata imodzi aliyense. Kutsogolo kunali matanthauzo a mawu, kumbuyo malamulo a galamala. Mayeso anali atatsala masabata atatu, ndipo wolephera Chingerezi satifiketi saiona. Lolemba linayenera kupita kwa Marian wa ku Khuyu.

Muriel anati anamupatsa ndi achimwene ake, amuna a Mervis, m'mawa, amvekere ndi mapepala otha ntchito. Anawonjeza kuti ndi abwino, samwa mafuta ngati nyuzi.

"Mlamu, mwakulungira usipa tsogolo la ana asanu, n'kumaliyamikiranso?"

Sanadikire yankho. Analanda chotsalacho nayamba kuzungulira doko. Aliyense wogwira kaphukusi ka usipa ankamuimitsa, n'kumukhuthulira nsombazo m'manja, iye n'kutenga pepala. Mayi wina wa ku Mozambique anamutukwana. Mervis anamubwezera, pepala analanda ndithu. Ena anawatola mumchenga, limodzi analichotsa m'kamwa mwa mbuzi. Koma ogula ambiri anali atakwera kale mabwato opita ku sitima.

Anafika kwawo ku Yofu dzuwa lili paliwombo, miyendo ikuwawa. Mwamuna wake Davis anali pansi pa mlambe akusoka ukonde. Debora anali atakhala pakhonde, maso ofiira. Anali atasaka bukulo m'nyumba monse.

Mervis anaponya mapepala amafutawo paukonde.

Davis anafotokoza mosatekeseka. Analipeza pathandala loyanikapo usipa, lofufuma, lopanda chikuto. Iye ankadziwa kuti buku labwino limakhala m'nyumba, ngati la mapemphero. Lomwe latayidwa panja ndi la aliyense. Debora anayankha chapansipansi kuti mvula inamupeza panjira ya ku Chipyela, ndiye analiyanika kuti liume.

"Ndiye ine ndikanalota?" anatero Davis.

"Mukanafunsa, bambo a Debora. Ukonde wa mnzanu mukaupeza atauyanika, mumaupereka kwa achemwali anu?"

"Basi, zachitika. Madzi akatayika sawoleka."

"Awa si madzi. Ndawola ndekha padoko, anthu akundiseka ngati wamisala. Kwatsala inu."

Anamuuza kuti kunyanja sapitako mpaka bukulo litasokedwa. Davis anaseka, nati anzake akumudikira ndipo usipa wabwera wambiri sabata ino. Mervis anatenga nkhafi n'kuilowetsa m'nyumba, iye n'kukhala pakhomo. Anati usipa ubweranso chaka chamawa, koma mayeso a Debora ndi ano. Iye sukulu anasiyira Sitandade 6 chifukwa cha zinthu zazing'ono ngati zomwezi, ndipo zaka makumi awiri wakhala akuviika chinangwa. Mwana wake sadzaviika chinangwa chifukwa cha kaphukusi ka usipa.

Davis anadula ulusi wa ukonde.

Debora anasanja mapepala potsata manambala, bambo ake akuboola ndi msomali n'kumasoka. Ntchito inawatengera masana onse. Atamaliza, Debora anawerenga: masamba makumi anayi analibe. Theka la galamala linali litapita ndi sitima.

Mtsikanayo anayamba kulira, nati a Hamilton awauza chiyani, nanga anzake aja.

"Iwe suwauza kanthu," anatero Mervis. "Akawauza ndi amene anapereka."

Lolemba m'mawa anthu a ku Yofu anaona Davis atavala malaya a kutchalitchi, akutsika njira ya kusukulu. M'manja ananyamula buku losokedwa ndi ulusi wobiriwira, likununkha mafuta a nsomba. Kumbuyo kwake kunali Debora ndi kope latsopano, loti akakoperemo masamba osowawo ngati aphunzitsi angapeze pena. Mervis anatsalira masitepe angapo, nkhafi ili paphewa.